Ndowa Imodzi, Mitumbira Iwiri

Loweruka, kumapeto kwa Ogasiti. Ku pulazi, kufupi ndi Mvurwi.

Lero ndinadzuka mtima uli m'mwamba ngati m'mawa wa tsiku la mayeso. Kunja kunali kukuzizirabe. Ndisanasukusule n'komwe ndinatulutsa yunifolomu yanga ya kusekondale m'sutikesi. Ndachoka nayo kwathu ku Nyasalande yunifolomu imeneyi, ndipo powoloka Zambezi pa Tete ndinakhala chikumbatire sutikesiyo, kuopa kuti ingagwere m'madzi. Alamu anga anakandibwerekera simbi yamakala kwa mkazi wa kapitawo, ndipo ndinasita kawiri.

Achimwene, amene amayendetsa thirakitala pa pulazi pano, anandipeza ndikuuzira makala.

"Kodi pakomboni pano atsegula sukulu ife osadziwa?"

"Mukudziwa kumene tikupita, achimwene."

"Ndikudziwa. Koma panjinga pali fumbi, chemwali. Ukafika uli ngati mbatata yongokumba kumene."

"Ndifunda chitenje pamwamba."

Anaseka, kenaka anandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu. Sananene. Anapita kukapopa njinga.

Ndilembe bwinobwino chimene ndinavalira zakusukulu pa tchuthi, m'dziko la eni, kuti ndisadzaiwale.

Ndili mu Sitandade 1 amayi anabereka mng'ono wanga, ndipo anadwala nthawi yaitali. Abambo anati ndisiye sukulu ndizilera mwana. Panalibe amene anadabwa, atsikana ambiri kwathu sukulu imathera pamenepo. Aphunzitsi athu anali mayi wachitsikana, wamtali, wosakonda kukweza mawu. Ataona kuti malo anga akhala opanda munthu anabwera kunyumba madzulo, nakhala pamphasa. Sanatsutsane ndi abambo. Anangoti, "Azibwera naye mwanayo."

M'mawa mwake ndinalowa m'kalasi mwana ali kumbuyo. Atayamba kulira, Aphunzitsi anandimasula chitenje, namubereka okha, n'kupitiriza kulemba pabolodi. Anachita zimenezi chaka chonse. Ndikatsinzina ndimaonabe kamutu ka mng'ono wanga kakugwedezeka pamsana pawo, fumbi la choko likugwera m'tsitsi mwake. Anyamata anamupatsa dzina loti Woyendera Sukulu, chifukwa ankatiyang'ana tonse mokwiya. Tsiku lina anawanyowetsa diresi pakati pa samu yochotsera, koma iwo anaimaliza kaye samuyo.

Potseka sukulu chaka chimenecho anandiitana padera. Anati, "Ine ku sekondale sindinafikeko. Iwe ukafike. Ndipo udzabwere udzaime pamaso panga utavala yunifolomu, ndidzaone ngati kolala ili yoyera."

Pambuyo pake anakwatiwa ndi telala wa pa sitolo ya kwathu, amene anali Msilamu, ndipo iwo analowa Chisilamu. Akuluakulu a mishoni anati sangaphunzitsenso. Anthu ananena zambiri. Awiriwo ananyamula makina osokera n'kubwera kuno ku mapulazi a fodya, ndipo patapita zaka zochepa munthu wina wobwerera kumudzi anabweretsa uthenga woti Aphunzitsi anamwalira. Panalibe mtembo woti tiulire. Amayi awo anakhala pakhonde masiku angapo, ndipo obwera kudzawapepesa anali ochepa.

Zitamveka kuti pa tchuthi chino ndibwera kuno kudzathandiza alamu amene ali ndi khanda, ndiponso kuti achimwene anamupeza telala uja pa pulazi ina yapafupi, amayi a Aphunzitsi anandidikirira panjira ya kuchigayo. Anandigwira pamkono mwamphamvu.

"Ukaone ndi maso ako," anatero. "Onse amangoti anaikidwa bwino, anaikidwa bwino. Ine ndikufuna kudziwa ngati pamene anagonapo pali mthunzi. Mwana uja dzuwa linkamupweteka mutu."

Ndinawalonjeza. Choncho ulendo wa lero ndinanyamula zinthu ziwiri: yunifolomu yoti ndikaonetse, ndi funso loti ndikapeze yankho lake.

Tinanyamuka achimwene ataweruka, dzuwa litakwera. Minda ya fodya ili mbee nyengo ino, angoigalauza. Tinadutsa mabani aataliatali a njerwa momwe amawambiramo fodya, tinadutsa mizere ya bulugamu, ndi tchire lakupsa lomwe phulusa lake linkatilowa m'mphuno. Mitengo ya musasa yokha ndiyo yaphuka masamba ofiira, ngati sinamve kuti kunadutsa moto. Achimwene ankandiphunzitsa Chishona chofikira pakhomo la munthu, koma titafika ndinapeza kuti aliyense pakomboni ija akuyankhula chakwathu, ena cha ku Tete, chosakanizika ndi mawu a kuno.

Telala uja tinamupeza pakhonde la sitolo ya pulazi, akusoka chigamba pa ovolosi. Wachepa thupi, ndipo ndevu zachita imvi ngakhale si wamkulu kwenikweni. Anapatsana moni ndi achimwene, ine anangondigwedezera mutu.

"Bambo, simunamuzindikire?" anatero achimwene. "Uyu ndi uja wa mwana kumbuyo."

Phazi lake linaima pa chopondera. Ine ndinavula chitenje chija, n'kuima chilili monga timachitira pa mzere m'mawa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatambasula dzanja, nagwira mpendero wa mkono wa malaya anga, n'kuutembenuza.

"Amene anasoka apa anali pa changu," anatero. "Koma iwo akanayamba ndi kolala."

Sindinkadziwa kuti Aphunzitsi anamuuza za kolala.

Telala anati tidikire atseke ntchito, ndipo anatitumiza kunyumba ya mayi wina woyandikana naye, amene anali mnzawo wa Aphunzitsi. Mayiyo tinamupeza akukazinga zitumbuwa zogulitsa, munthu wa thupi lake ndi mawu ake. Atamva kuti ndine yani anawomba m'manja.

"Maiwe! Ndiye kuti zinali zoona? Anali mphunzitsi weniweni, wa choko?"

"Anali mphunzitsi wanga, amayi."

"Ankanena, ife n'kumayesa nthabwala za m'shedi ya fodya. Aliyense kuno amati kwawo anali wakutiwakuti. Amuna anga amati anali mwana wa mfumu, koma taonani nyumba yake." Anandipatsa chitumbuwa chotentha. "Idya, musikana. Waonda ngati pensulo. Kusukuluko amakudyetsani mabuku?"

Ndinafunsa ngati Aphunzitsi ankaphunzitsa ana kuno.

"Kuphunzitsa ndani? Kuno sukulu ndi shedi, mwanangu. Tinkakhala benchi imodzi, kusankha fodya, tsamba ili uku, ili uku. Dzanja lake linali lachangu, mzungu ankachita kubwera kudzaonerera. Koma fumbi la m'menemo silinamuyanje. Anayamba kutsokomola, mvula itayamba anagona, basi."

Ndinaganiza za zala zija, zimene zinandigwira dzanja polemba chilembo changa choyamba, zikusankha masamba a fodya kuyambira m'mawa mpaka madzulo, popanda ndi mmodzi yemwe wowatcha Aphunzitsi. Chitumbuwa chija ndinachiika pambali.

"Kumanda n'kutali?" ndinafunsa.

"Kuseri kwa bulugamu uko. Amatero. Ine sindinapondemo."

"Simunapite pa maliro awo?"

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Ndinamusambitsa ndi manja awa. Ndinamukulunga nsalu yoyera ndekha, ndinamumanga kumutu ndi kumapazi. Koma kumanda amalowa amuna. Ife akazi timathera panjira."

"Nanga ine?"

"Iwe ndiwe mwamuna?"

"Koma ine si Msilamu, amayi."

"Iwe ayi. Koma manda ndi Achisilamu."

Ndinatembenukira kwa achimwene. Anali kuyang'ana tcheni cha njinga. Pamenepo ndinazindikira chimene anafuna kunena m'mawa muja.

"Ndimayesa poti ndiwe mlendo akulola," anatero motsitsa mawu.

Telala atabwera ndinagwada pansi ndi yunifolomu yanga yositasita ija. Ndinamuuza za mtunda umene ndayenda, za lonjezo, za amayi a Aphunzitsi pa njira ya kuchigayo. Ndinati ndivula nsapato, ndifunda kumutu, sindiyankhula, sindilira. Ndikuganiza kuti ndinayankhula kwambiri, ngati pa mtsutso wa kusukulu. Iye anamvetsera zonse.

"Mwana wanga, dzuka," anatero. "Ndikanakhala ndekha ndikanakulowetsa. Koma muli abale a anthu ena m'menemo. Anthu amenewa ndiwo anandikumbira manda pamene ndinalibe mbale aliyense kuno. Ndiwonso adzandiike ine."

Ndinadzuka, ndipo iye anapitiriza.

"Koma tamvera. Ife tikapita kukaona manda timathira madzi pamtumbira. Ukatunge iweyo, ndi manja ako, usenze mpaka pa waya. Ine ndikalowa nawo. Malowo ndi aang'ono, ukaona zonse uli panja."

Mtima unakhalako pansi. Ndinadziuza kuti kuona ndi kuona, ngakhale pakati pali waya. Aphunzitsi ankatha kuona kolala yakuda ali kutsogolo kwa kalasi, mwana ali kumbuyo kwenikweni.

Mayi wa zitumbuwa anandibwereka ndowa. Ndinatunga pa mpope wa pakomboni, ndinadzaza mpaka m'milomo, ndipo ndinakana kuti achimwene aiike panjinga. Ana a pakomboni anatitsatira pang'ono akuseka mtsikana wa sukulu wosenza madzi atavala nsapato ndi sokosi, mpaka mayi uja anawathamangitsa. Madzi ankatayikira m'khosi mwanga, koma sindinasamale.

Manda ake ndi kamalo kakang'ono kozingidwa ndi waya waminga kuti ng'ombe za pulazi zisalowe. Namonso moto unadutsa. Mitumbira ndi yaifupi, yofanana yonse, yopanda mtanda, yopanda dzina. Ina ili ndi mwala kumutu, ina tizitsa takupsa ta matabwa. Chapakati pali mtengo umodzi wa musasa. Ndinati mumtima, mthunzi ulipo, ndikawauza amayi aja kuti ulipo.

Mayi wa zitumbuwa anakhala pansi panjira, chapatali. Achimwene anatsala ndi ine pa waya. Telala anavula nsapato, analandira ndowa, nalowa akunong'ona moni wa Chiarabu kwa onse ogona m'menemo. Anayenda molunjika ngati munthu wopita kunyumba kwake. Ine ndinakonza malaya, ndinaimika mapewa.

Atayandikira mtengo uja anayamba kuyenda pang'onopang'ono. Kenaka anaima.

Patsogolo pake panali mitumbira iwiri yoyandikana. Wina unali mumthunzi. Winawo unali padzuwa, dothi lake litang'ambikang'ambika. Anayang'ana uwu, anayang'ana uwo. Anacheukira ku mtengo, anacheukiranso ku nsanamira ya waya, ngati munthu woyeza nsalu ndi maso. Anasuntha phazi limodzi, n'kulibweza.

Kenaka anawerama, nathira madzi pamtumbira wa mumthunzi, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhule. Koma anaimika ndowa madzi asanathe, natembenuka, n'kuthira otsalawo pamtumbira wa padzuwa. Dothi linamwa nthawi yomweyo. Anakweza manja napemphera ataima pakati pa iwiriyo.

Potuluka sanandiyang'ane. Anakhala pansi n'kuyamba kuvala nsapato.

"Bambo," ndinatero, "ndi pati?"

Anapitiriza kuvala nsapato.

"Bambo, Aphunzitsi ali pati?"

"Panali thabwa," anatero, maso ali pa nsapato. "Ndinalemba ndekha, ndi penti wa kusitolo. Moto wa chaka chatha unadya matabwa onse a mbali iyi."

"Koma inu munalipo powaika."

"Ndinalipo. Ndinatsikira m'dzenje ndekha kukawalandira." Anayang'ana ku mitumbira kuja. "Anamwalira awiri sabata imodzi, iwo ndi mayi wina wa m'shedi momwemo. Tsiku limenelo kunali mvula, ndipo maso anga sankaona bwino. Pambuyo pake ndinkangobwera pa thabwa. Sindinaganize zoloweza malo. Munthu uloweza bwanji chinthu choti chalembedwa?"

"Nanga amene anakumba?" anafunsa achimwene.

"Anapita. Wina ku Norton, wina amati ku Goromonzi, wina anabwerera kumudzi. Pa pulazi anthu sakhalitsa. Shehe amene alipoyu anabwera pambuyo." Zala zake zinkalephera kumanga chingwe cha nsapato, munthu woti amalowetsa ulusi pa singano osayang'ana. "Masiku ena mtima umandiuza kuti ndi uwu. Ndikabweranso umati ndi uwo. Ndiye ndimagawa."

Mayi wa zitumbuwa anali atayandikira, ndipo anamva. Mawu ake aakulu aja anachepa.

"Achimwene, chaka chonse osanena?" anatero kwa telala.

"Ndikanauza ndani kuti ndataya mkazi wanga kawiri?"

Mayiyo anafunda chitenje kumaso. Patapita kanthawi anati mayi winayo ankamudziwanso. Anali wa kwathu komweko, wosayankhulayankhula. Mwamuna wake anachoka maliro atangotha, ndipo palibe amene akudziwa mudzi wake.

Ine ndinatsala chiimire pa waya. Kuyambira tsiku limene ndinalandira yunifolomu imeneyi ndakhala ndikukonza mawu oti ndidzanene. Ndinkawabwereza pogona, ndinawabwereza pa basi njira yonse ya ku Tete. Koma sindinaganizepo kuti ndidzasowa koyang'ana. Ndinayang'ana mtumbira wa mumthunzi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndafika." Kenaka ndinaopa kuti mwina ali kwinako ndipo akuona ndikupereka moni kwa mlendo iwo ndawapitirira. Ndinatembenuka pang'ono n'kunenanso, "Aphunzitsi, ndafika." Mawu ena onse aja anathawa. Ndinangowonjeza kuti Woyendera Sukulu wayamba sukulu chaka chino ndipo amakwiyabe.

Nditagwira kolala ndinapeza yanyowa ndi madzi a m'ndowa, fumbi la panjira litamatirira. Inali yofiira ngati njerwa. Pamenepo ndiye ndinalira, kulira kwenikweni, ngakhale ndinalonjeza kuti sindilira.

Ndisabise, telala ndinamukwiyira. Ndinafuna kumufunsa kuti munthu amene anasiya choko chifukwa cha iye angamuiwale bwanji pogona. Koma pobwerera ankayenda patsogolo pathu atanyamula ndowa yopanda kanthu, msana utapindika, ndipo ndinakumbukira kuti ine zandiwawa masana amodzi, iye amabwera kuno yekha n'kumagawa madzi popanda womuona. Titafika pa sitolo anati ndimusiyire malaya akonze mpendero uja. Ndinati ndilibe china chovala. Anati, "Chabwino, tsiku lina." Tonse tinadziwa kuti Lolemba ndikwera basi.

Tinakwera njinga mpaka pa mabani paja. Kenaka achimwene anati, "Ukangowauza kuti mthunzi ulipo. Mtengo unauona. Si bodza."

"Anati ndikaone ndi maso anga."

"Ndiye ukawauza chiyani? Kuti mwana wawo anasowa ngakhale m'manda? Ukawapha amayi aja."

"Sindikudziwa, achimwene."

"Sukulu yakuphunzitsani kuvutika ndi zinthu," anatero, koma mosakalipa.

Ndafika kuno ndachapa malaya, ali pa chingwe. Alamu anandipatsa mwana kuti ndimugwire, ndipo nditamubereka ndinayambanso kulira, mpaka iwo anamutenga. Tsopano ndakhala pakhomo ndikulemba kusanade. Sindingathe kuwanamiza amayi a Aphunzitsi. Adzandigwira pamkono n'kundiyang'ana m'maso, ndipo adzadziwa. Komanso sindingathe kukaima pamaso pawo n'kunena kuti mwina mwana wawo ali padzuwa.

Ndikulemba chonchi ndaona chinthu. Pamene ndinakhala pansi, mthunzi wa nyumba ya kapitawo unali pa nkhuni paja. Tsopano wafika pa mapazi anga. Ife kumanda tinafika dzuwa litapendeka, ndipo tinakhalako kanthawi kochepa. Sindinaone kumene mthunzi wa musasa uja umagwera m'mawa, kapena dzuwa likakhala paliwombo, nthawi imene mutu unkawapweteka. Mitumbira ija ndi yoyandikana kwambiri. Mwina mtengowo nawonso umagawa.

Mwina sugawa. Ngati sugawa, ndidzawauza amayi aja zonse monga zilili, ndipo ndidzakhala nawo pakhonde mpaka atandiuza okha kuti ndizipita. Koma sindinaonebe, ndiye sindinganene.

Mawa ndi Lamulungu, achimwene sagwira ntchito. Ndawapempha ndipo avomera, ngakhale anadandaula za miyendo yawo. Tinyamuka kusanatenthe. Ndikapempha mayi wa zitumbuwa ndowa ziwiri, ndikatunga ndekha, kuti telala akathire yodzaza pamtumbira uliwonse. Aphunzitsi asalandirenso theka, ndipo mayi winayo, amene alibe womutungira, alandire yake. Ndikatero ndikakhala pa waya paja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndikuyang'ana mthunzi. Malaya akhala atauma. Ndikawanyamula m'chitenje, ndipo ndikawavala nditatula madzi.